Intaneti ya m'nkhokwe

Lolemba

Asiyatu, mwana wathu wa ku Joni, wayimba foni. Wachira, khanda ndi lalimuna. Akuti, "Ababa, pitani ku Balaka mukasankhe TV ndi intaneti ya pakhomo. Ndilipira ine. Ndikufuna muzimuona mdzukulu wanu akukula."

Wafunsanso ngati tikudya bwino. Amayi ake ayankha msanga kuti kwambiri. Chikhalirecho tikudya kamodzi patsiku, chimanga chinapserera m'munda chisanamasule. Koma munthu ali ndi khanda kumanja, tim'dandaulitsirenji?

Zofuna ine:
- TV yaikulu ngati chitseko
- mpira
- nkhope ya mdzukulu

Zofuna amayi a Asiyatu: akuti ndisawafunse.

Lachiwiri

Pa kabaza mpaka ku Balaka, musitolo ya a Mdoka. Khoma lonse ma TV, onse akuonetsa nsomba imodzimodzi ikusambira. Ndinakulira ku nyanja ya Chiuta ine, koma mamba a nsomba sindinawaonepo bwino chonchi. Ndakhala pansi osauzidwa.

A Mdoka akufotokoza:
- dishi, mbale ya padenga ija, imakoka zithunzi kuchokera kuseri kwa mitambo
- dikoda ndi kabokosi komasulira zithunzizo
- rauta ndi kabokosi kena ka nyanga ziwiri, kamamwaza intaneti m'nyumba monse, kudutsa khoma osasiya bowo

Ndiye kuti zithunzi zonsezi zimangodutsa pamitu pathu ku Rivirivi ife tikulima? Akuti eya, usana ndi usiku. Mulungu ndi wamkulu.

Asintha tchanelo, patuluka mzungu akuwotcha nyama. M'mimba mwanga mwayankha mokweza, sitolo yonse yamva. Ndapempha ayike mpira.

Lachitatu

A Mdoka abwera okha ndi katundu yense, akuti tiyese kaye masiku angapo tisanagule. Alumikiza ku sola imene Asiyatu anatigulira kalekale. TV yayaka. Dishi ili padenga, ikuwala mpaka kumsewu.

Rauta yakana. Pabalaza zii. Kuchipinda zii. Pansi pa mtengo wa mango, kamzere kamodzi ka netiweki. Tazungulira bwalo lonse, a Mdoka atakweza kabokosiko m'mwamba, ine pambuyo ndi waya. Mizere yadzaza pamalo amodzi okha: m'nkhokwe. Nkhokwe yopanda ngakhale chitsononkho. Takasiya mmenemo.

Amayi a Asiyatu: "Bola yapeza ntchito."

Lachinayi

Mudzi wonse uli kwathu. Ana kutsogolo, akuluakulu pamkeka, otsala pawindo. Tikuonera dziko lina kumene pansi ponse pali mbuu, mitengo mbuu, madenga mbuu, anthu akuyenda kumira mpaka m'mawondo. Akuti ndi chisanu. Wina kumbuyo wafunsa ngati si ufa. Palibe waseka.

Dzuwa lafika paliwombo, palibe akudzuka. Munthu sungadye alendo akukuyang'ana. Amayi a Asiyatu aphika phala la gaga lamadzimadzi, layenda m'makapu mpaka pawindo. Ufa umene umayenera kutifikitsa Lamulungu watha lero.

Mayiwo akuti, "Chinthu chanuchi pakamwa chilibe, koma chimadya."

Lachisanu

Pochokera ku mzikiti ndapeza a komiti yolemba mabanja oti alandire chimanga cha thandizo ataima pakhomo pathu. Ayang'ana padenga, ayang'anana.

"Pano iyayi, pano zinthu zili bwino."

Ndawalondola mpaka kumsewu kuwauza kuti dishiyo ndi yongoyesa. Akuti ndiye pitirizani kuyesa.

M'nyumba simukulankhulika. Mpira ndaonera nditatseka mawu. Koma udzu wa pabwalo lawolo! Wobiriwira, wofanana, bwalo lonse popanda pouma. Amauthirira ndi madzi ochokera kuti?

Loweruka

Tsiku loona mdzukulu. Talowa m'nkhokwe awiri, ine ndi amayi a Asiyatu, mawondo kugundana, foni pakati. Yalira pang'ono, kenako uyo. Kankhope, tizala, kakuyasamula ku Joni ife tikukaona ku Rivirivi nthawi yomweyo. Makutu ndi anga. Agogo ake akusisita galasi la foni ndi chala, misozi ili chuchuchu.

Chimene a Mdoka sanandiuze: nafenso tikuoneka bwino chimodzimodzi.

"Amama, khosi limenelo? Mwaonda liti chonchi? Nanga mwakhala m'kati mwa chiyani mmenemo? Ababa, tembenuzani foni."

Ndatembenuza. Nsungwi zokhazokha.

Wandikalipira ngati mwana ndine. Ndamvera nditawerama. Mawu ake amamveka bwino zedi, sanadukeko ngakhale pang'ono.

Lamulungu

A Mdoka atsitsa dishi, alongedza TV m'katoni. Sanakwiye, akuti sindine woyamba chaka chino.

Asiyatu walankhula yekha ndi wogulitsa chimanga ku Balaka, osadzera kwa ine. Matumba afika pa kabaza masana. Limodzi amayi ake alimasula pomwepo, agawirako oyandikana nawo. Za TV akuti tidzakambirana tikadzakolola. Sindinatsutse.

Chakumadzulo kwachita mitambo cha ku mapiri a Machinga, yakuda bii, ikung'anima kunsi kwake. Tatulutsa mkeka. Anthu abwera osaitanidwa, takhala tonse pabwalo, maso kumwamba. Kaya ikubwera kuno kaya ikulowera ku Nayuchi, palibe akudziwa. Tikuonerabe.