Thadzi Langa M'chikuta

Lolemba

Ndabwera kuchokera kusukulu, ndapeza katundu wanga yense pakhonde. Makope, bulangete, malaya a kutchalitchi, kagalasi kosweka kaja. Gowelo langa alanda.

Achemwali a Dorika atuluka kuchipatala lero. Anachira Loweruka, mwana wamwamuna. Afika ali pa kaliyala, abambo akukankha njinga, amayi pambuyo ndi beseni pamutu, mwana m'manja mwa azakhali a ku Nkhunga. Alamu ali ku Dwangwa kodula nzimbe, akuti adzabwera mwezi ukatha.

Azakhali ayendera nyumba zonse ngati a zaumoyo. Ya amayi akuti ikulowa mwera. Kukhitchini utsi. Gowelo langa lili ndi chitseko chenicheni, bedi, pansi pozira bwino. Basi lasanduka chikuta.

Malamulo a azakhali:
1. Mwamuna salowa mpaka mchombo wa mwana utagwa.
2. Chitseko chizikhala chotseka.
3. Zenera alitseka ndi chiguduli.

Ndafunsa ngati wa Sitandade 8 ndi mwamuna. Akuti pa nkhani iyi, inde. Pa nkhani ya ntchafu ya nkhuku, ayi.

Tsono vuto. Kunsi kwa bedi, kukona, m'phale, muli Kameta, thadzi langa lopanda nthenga m'khosi. Akufungatira mazira asanu ndi atatu, ndipo si ake. Ndi a nkhuku zakuda zachizungu za kusukulu, zimene zimangoikira osafungatira. A Mbaluko, aphunzitsi a zaulimi, anasankha ine m'kalasi monse chifukwa sindisewera mpira. Anati, “Anapiye asanu ndi atatu Lolemba likubwerali. Akapanda kuoneka, dzenje la chimbudzi chatsopano ukumba wekha.”

Kukhola kumabwera ng'azi. M'nyumba amayi amaletsa nkhuku. Ndiye palibe amene ndinamuuza. Mwa kuwerengera kwanga aswa Loweruka.

Ndikanaulula lero lomwe, koma azakhali akuti ntchembere imafuna msuzi wa nkhuku tsiku lililonse kuti mkaka utsike. Pabwalo panali nkhuku zinayi. Tambala wapita kale.

Cholinga cha sabata ino: kutulutsa Kameta ndi mazira ake azakhali asanamuone. Pakali pano ndigona pa matumba a mpunga.

Lachiwiri

Nzeru yoyamba. Ndauza azakhali kuti ndaiwala buku la masamu kunsi kwa bedi, andilole ndilowe kamphindi, nditsinzina.

“Kunsi kwa bedi? Dikira ndikutengere.”

Ndakuwa kuti ayi, ndakumbukira, lili m'thumba. Andiyang'ana nthawi yaitali. Kenako kwa amayi: “Mlamu, mwana uyu masamu amuzunguza mutu.”

Masana azakhali apita kukasamba. Kuseri kwa gowelo kuli kabowo kolowa dzanja. Ndagwada pamenepo, ndaitana motsitsa mawu.

Achemwali: “Mlendo wakoyu wandijompha chala chakuphazi. Ndinatsala pang'ono kumuponya mwana.”

Akudziwa. Akuti azimupatsa phala lawo ndi madzi azakhali akamatuluka. Koma osati chabe. Zofuna zawo:
- chinangwa chootcha, chothira mchere
- usipa wokazinga wa tsabola (azakhali aletsa tsabola, akuti mkaka uwawa)
- nkhani zonse zakunja, ndani wadutsa, wavala chiyani
- matewera, chifukwa amayi akumva msana ndipo azakhali akuti sanabwerere zimenezo

Ndati matewera si ntchito ya amuna.

“Palibe kanthu achimwene. Azakhali akabwera ndiwauza kuti ndiwo za mawa zapezeka.”

Ndapita kwa amayi, ndati ndikufuna kumachapa matewera. Andigwira pachipumi kuona ngati ndatentha thupi.

Nkhuku zatsala ziwiri.

Lachitatu

Kunyanja m'mawa ndi beseni, sukulu isanayambe. Ndasankha kumiyala, kutali ndi anthu. Lero lomwelo asodzi aganiza zokocheza kumiyala.

A Saidi, akuyanika ukonde: “Aphunzitsi aang'ono, mwakwatira liti osatiitana?”

Mnzawo: “Usachapire pamenepo iwe, utithawitsira usipa.”

Atsikana awiri a m'kalasi mwathu akutunga madzi. Sananene kanthu. Bola akananena.

Zimene ndaphunzira:
1. Mwana wa masiku anayi amangomwa mkaka, koma zotuluka zake zili mitundu itatu.
2. Mtundu wachitatuwo uli ndi kanthenga. Achemwali akubisa zitosi za Kameta m'matewera.
3. Sopo amatha, fungo silitha.

Kusukulu a Mbaluko: “Mazira anga ali bwanji?” Ndati ali pamalo otentha, akuyang'aniridwa ndi anthu atatu osachokapo. Sindinaname. Andiyamikira pamaso pa kalasi yonse, akuti ena atengere chitsanzo. Kumbuyo wina walira ngati khanda. Nkhani ya kumiyala yafika kale.

Madzulo a tcheyamani a nthambi yathu ya chipani abwera kudzaona mwana. Nawonso aimitsidwa pabwalo, ndasangalala pang'ono. Akuti mwanayu akangotuluka afunika khadi la chipani. Abambo akuti alibe ndi dzina lomwe. “Tilemba kuti Mwana, dzina adzalipeza kutsogolo.” Ndaganizira anapiye asanu ndi atatu. Nawonso afunika makhadi?

Yatsala imodzi.

Lachinayi

Utitiri!

Ndinaiwala kuti thadzi lofungatira limabwera ndi anthu ake. Azakhali akukanda m'khosi. Amayi akukanda m'mutu ndi chipande. Achemwali pakabowo: “Ndikuyabwa mpaka m'makutu. Onjezera nzimbe.”

Azakhali afufuza, wolakwa amupeza: matiresi anga. Ndinatha masabata atatu ndikutola mapesi a mpunga, ndinasoka ndekha m'masaka. Awakokera pabwalo, awayatsa. Achemwali anaponya msanga mphasa pabedi n'kugonapo, akuti chizungulire, kuti munthu asasuzumire pansi. Ine ndaimirira ndikuonerera utsi.

Azakhali kwa oyandikana nawo: “Anyamata amakono kusasamba.”

Ine amene ndikukhalira m'madzi m'mawa uliwonse.

Chinanso. Kameta akamva phazi pafupi amang'ung'udza. Azakhali amva, afunsa. Achemwali akuti ndi m'mimba mwawo. Tsopano phala akulandira mbale ziwiri, thobwa chigubu chathunthu, azakhali ataima pomwepo mpaka amalize. Pakabowo: “Ndikaphulika, mwanayu ulera ndiwe.”

Nkhuku yomaliza yapita masana. Azakhali akutsuka mpeni, osandiyang'ana: “Paja ndinabwera nthawi ya Khirisimasi, panali kathadzi kopanda nthenga m'khosi. Kanapita kuti?”

Ndati ng'azi.

Amayi: “Ng'azi imadya mazira, osati thadzi lathunthu.”

Ndati inali yaikulu.

Lachisanu

Nzeru yomaliza. Ndakonza dengu ndi udzu wouma, ndakulitsa kabowo ndi mtengo. Tagwirizana ndi achemwali: azakhali akapita kuchimbudzi, mazira atuluke limodzi limodzi, Kameta pomaliza, mutu patsogolo.

Dzira loyamba latuluka. Lotentha, m'kati mukugogoda kanthu.

Dzira lachiwiri silinatuluke. Azakhali abwerera msanga, amva mphepo pamiyendo, apeza bowo. Ndamva mawu awo kudzera momwemo: “Makoswe a nyumba ino ali ndi makasu?” Alimata ndi dothi nthawi yomweyo. Ine ndili chogona m'mbatata, dzira m'manja.

Tsono asanu ndi awiri ali m'kati, limodzi lili ndi ine, belu la sukulu likulira. Likazizira lafa. Ndaliika m'khwapa.

Tsiku lonse:
- kulemba ndi dzanja lamanzere
- funso la mitsinje ndikulidziwa, sindingakweze mkono
- pophunzira nyimbo zolandirira alendo a chipani onse akuwomba m'manja, ine ndikuwomba pantchafu
- a hedimasitala afunsa ngati sindikukondwa nawo alendowo, ndati ndi chithupsa, ndikukondwa kwambiri

Kunyumba amayi aona mkono. “Chithupsa cha m'khwapa sachisunga. Bwera ndichifinye.” Atenga singano. Ndathawira m'munda wa chinangwa.

Ndakhala pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Osatembenuka, osayetsemula, njala, udzudzu. Mbuzi yandiyandikira, ndaing'ung'udzira. Tsopano ndikumvetsa chifukwa chake Kameta amakhala wokwiya.

Ndiwo za lero mitu ya chambo. Azakhali akuti msuzi wa nsomba sutsitsa mkaka, mawa kathadzi kaja akasaka okha.

Loweruka

Laswa! M'malaya mwanga, m'mawa. Kakuda, konyowa, konyansa. Ndakapukuta ndi sokosi, ndakaika m'thumba la pachifuwa. Ndakauza kuti kasaope.

Patangopita kanthawi, phokoso m'chikuta. Mchombo wagwa, koma sukuoneka. Umenewu sutayika chisawawa. Amayi okhaokha amakaukwirira kumene amadziwa iwo, kuti anthu oipa asautole. Amayi akutumula nsalu. Azakhali akutumula mphasa. Achemwali akunena mokweza kwambiri kuti mwina uli kuchitseko, ayang'ane kuchitseko, ndithu kuchitseko.

Azakhali: “Mlamu, gwirani bedi uku.”

Asuntha bedi.

Kenako mawu a Kameta. Kenako mawu a azakhali. Sindikudziwa amene wakuwa kwambiri.

Ndaitanidwa pakhomo. Azakhali anyamula phale lonse, chala chikutuluka magazi. M'phalemo Kameta watukumuka ngati mfumu, anapiye asanu ndi awiri akusuzumira, ndipo kunsi kwa phiko, pakati pa makoko a mazira, mchombo. Unagwera m'mbali mwa bedi, iye anangoukokera pansi pake ngati dzira lina.

Amayi: “Ng'azi yako ija yabweza.”

Atenga mpeni. Ndatsinzina.

Azakhali: “Siyani mlamu. Ndi makoswe onse a m'nyumba muno, iyi ndiyo yatisungira mchombo. Yachira m'chikuta chimodzi ndi mwana wathu. Imeneyi siphedwa. Ndi nkhuku ya mwana, ndi ana ake omwe.”

Ndasangalala mpaka pa mawu omalizawo. Ndati pepani azakhali, mazirawo ndi a sukulu.

“Sukuluyo inagona m'chikuta?”

Ndati ayi.

“Inayabwa?”

Ndaganiza kuti bola kamodzi kali ndi ine, a Mbaluko angachepetse dzenje. Pomwepo thumba langa lalira.

“Iwe. Ukubisa mwana kwa mayi ake? Bwera naye kuno.”

Asanu ndi atatu. Onse aswa, palibe losukusa ndi limodzi lomwe. M'kalasi monse palibe akanatha zimenezi, ndipo ndilibe ndi mmodzi yemwe.

Lamulungu

Mwana watuluka. Amumeta, amumanga mkanda m'chiuno. Ndamuona nkhope koyamba. Ndinene zoona, m'khosimu akufanana ndi Kameta. Abambo amutcha Yohane. Wandigwira chala osasiya, mwina wamva fungo la matewera ake.

Pabwalo padzaza. Mpunga, thobwa, amayi a kumpingo, a Saidi ndi utaka m'mbale, a tcheyamani ndi khadi lawo.

Potuluka kutchalitchi a Mbaluko akhotera kwathu. Thalauza loyera, njinga, katoni yopanda kanthu pa kaliyala. Akuti aona kuti n'kwabwino kutengeratu lero.

Ndathamanga kuti ndiwafotokozere kumsewu. Azakhali andipitirira. Sindimadziwa kuti amathamanga.

Awakhazika pampando wa abambo. Awaika mwana m'manja. Aitana anthu onse.

“Awa ndiwo aphunzitsi amene anatumiza nkhuku zachizungu kwa mwana asanabadwe n'komwe. Zisanu ndi zitatu. Ena mwabwera ndi pakamwa pokha.”

Nthungululu. A tcheyamani awagwira chanza ndi manja awiri, akuti chitukuko n'chimenechi, akazinena kumsonkhano. Kameta wadutsa pakati pa bwalo ndi ana ake onse ngati wachita kuuzidwa.

A Mbaluko ayang'ana anapiye, ayang'ana a tcheyamani, ayang'ana ine. Yohane wachita zake pa thalauza loyera, amayi onse akuti ndi mwayi umenewo.

A Mbaluko: “Ndi zochepa, mayi.”

Ndawaperekeza. Tayenda mpaka pa mtengo wa mango. Pokwera njinga: “Onse asanu ndi atatu?” Ndati inde. Agwedeza mutu. “Waswetsa bwino. Dothi la kuseri kwa sukulu ndi louma, ubwere ndi khasu lako.”

Katoni aiiwala. Achemwali aitenga kale.

Mmene zinthu zilili:
- achemwali akhala m'gowelo miyezi itatu, mwana akhwime khosi
- Kameta nayenso sachoka, akuti wazolowerana ndi mwana
- azakhali akuti kwawo ku Nkhunga kulibe chowathamangitsa
- amayi akuti matewera sanayerepo chonchi chiyambire

Ndakhala pa matumba a mpunga, khasu pamiyendo, mwala wonolera m'manja. Mapewa ayamba kale kuwawa ndisanakumbe.

Kuchokera ku gowelo, achemwali: “Amalume ake a Yohane, beseni ladzaza.”

Ndikupita. Khasu ndinola ndikabwerako.