Mweya woipa wa m'khitchini mwanga

Mpaka lero ndikamva a Mwale akutsokomola, mtima umandigunda ngati ndaba. Ndinatsala pang'ono kupha mkulu wa mpingo ameneyu pamodzi ndi amayi anayi a mapemphero, dzuwa likuswa mtengo, m'khitchini mwanga momwe ku Unit K.

Ine kuno ku Chitungwiza ndinabwera nditakula kale, ndipo Chishona ndinachiphunzirira kutchalitchi. (Mukandifunsa za Yona ndi chinsomba ndiyankha bwinobwino, zinazi ndimangogwedeza mutu.) Amene amandimasulira ndi mkazi wanga, mayi a Tadala, wobadwira ku Zengeza 1. Tsoka ilo, sabata imeneyo anali atapita kukaoda katundu kumalire.

Magetsi atatitopetsa ndi kuzimazima, ndinamanga chitofu cha nkhuni m'khitchini, ndi manja angawa. Paipi ya utsi inandiperewera, ndiye inangothera kunsi kwa denga. Timabowo tiwiri tija amasiya pamwamba pa khoma ndinatimata ndi simenti, poti tinkalowetsa chisanu. Ndinadzitama ngati injiniya. Mutu wokha ndi umene unkandiwawa ndikaphika, ndi kachizungulire pang'ono.

Lachiwiri kunabwera woyendera nyumba wa kukhonsolo. Analowa, kununkhiza, n'kuloza pakona ya khoma pamwamba.

"Baba, muno mune mweya wakaipa. Unouraya munhu!"

Anawonjeza kuti abweranso Lachisanu, ndipo akapeza mweyawo sunatuluke, chitofu chigumulidwa. Anandisiyira pepala la Chingerezi n'kuthamangira kwina.

Kutchalitchi "mweya wakaipa" ndi chiwanda, palibenso china. Mpaka wa boma kuchiona, n'kuloza pamene chimakhala! Pepala lija sindinaliwerenge n'komwe, ndinaliika m'Baibulo kuti liyambe latonthola. Kenako ndinaimbira mayi a Tadala, n'kuwauza m'Chichewa changa chomveka bwino kuti a khonsolo apeza mzimu woipa m'khitchini.

"Maiwe! Ndivo vadaro?" anafunsa m'Chishona, kutanthauza kuti, anena choncho ndi iwowo?

"Ndi pakamwa pawo. Akuti umapha."

Mukuona, ndikanangobwereza mawuwo mmene ndinawamvera, mkazi wanga akanandiseka nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ndinamasulira ndekha, ndipo iye anangoti ndithamangire kwa a Mwale.

Lachisanu m'mawa a Mwale anafika ndi amayi anayi, kuti wa kukhonsolo adzapeze ntchito itatha. Anandifunsa nthawi imene chinthucho chimavuta. Ndinati ndikakoleza moto.

"Kolezani, chibwere. Ndipo tsekani chitseko ndi zenera, chingathawire kwa aneba."

Ndinakoleza, nkhuni zake zaziwisi. Nsanza ndinatsekera nazo kunsi kwa chitseko, ine mwini, mwakhama. Nyimbo inayamba.

Sipanatenge nthawi, maso onse anali misozi chuchuchu. Mayi wina anati mutu ukumuwawa. A Mwale anati, "Chayamba kumenya nkhondo, kwezani mawu!" Tinakweza. Wina anakhala pansi mwakachetechete, n'kutsamira kabati. Wachitatu anayamba kuimba vesi ya nyimbo ina. Ine ndinkaona makapu ali awiriawiri, koma mumtima ndinkati ee, lero chaona akuluakulu. Nditaona moto ukufooka ndinasonkhezeranso. (Inde, ndinasonkhezera. Musandiyang'ane choncho.)

Kenako a Mwale, munthu wa thupi lake, analoza pakona paja, kutsegula pakamwa kuti adzudzule, n'kugwa chagada, khu! Apo ndiye mantha anandigwira zenizeni. Ndinkafuna kukuwa koma mawu osatuluka.

Chitseko chinakankhidwa ndi phazi. Anali wa kukhonsolo uja, atawona utsi ukutuluka m'mphepete mwa malata. Anatikokera panja mmodzimmodzi ngati matumba a chimanga, n'kuthira chitofu ndowa ya madzi. Aneba anadzaza pampanda. Tinagona pabwalo anthu asanu ndi mmodzi, kukamwa yasa, kwinaku wina akuthamangira galimoto yotitengera kuchipatala.

"Baba, chii ichi?" anandifunsa mwaukali.

Ndinayankha monyentchera kuti timatulutsa mweya uja ananena. Mneba wanga wina wochokera ku Tete ndiye anandiuza m'chinenero chathu, mokweza kuti msewu wonse umve:

"Achimwene, mweya ndi mpweyanso! Mpweya wopumawu! Amanena mabowo munamata aja!"

Kalanga ine. Zonse zinali papepala lija: mabowo olowetsa mpweya akhale otsegula, paipi ipitirire pamwamba pa denga, zenera lizitseguka. Kuchipatala namwino anatiuza kuti choopsa kwambiri si utsi wooneka uja, koma mpweya wina wosanunkha umene umangokugoneka osadzukanso. Ndinaganiza za amayi anayi aja, aliyense ndi ana ake kunyumba, ndipo ndinalira ngati mwana.

Wa kukhonsolo anandichitira chifundo, anandipatsa sabata ina. Ndinagumula simenti ija ndi tchizulo, mmisiri weniweni anatalikitsa paipi, chitofu chinavomerezedwa. Mayi a Tadala atabwera anandilamula kuti mawu a Chishona ndizibwera nawo kunyumba osasenda.

Lamlungu lotsatira a Mwale anaimirira kutsogolo kupereka umboni. Anati pa zaka zonse za utumiki wawo sanakumanepo ndi chiwanda champhamvu chotere, choti mpaka chinawagwetsa pansi. Kenako anandiloza.

"Bambo a Tadala, nenani pamaso pa mpingo. Chipemphererereni ife, mutu uja ukuwawabe?"

Ndinaimirira. Ndinayang'ana mkazi wanga, iye anayang'ana kudenga. Munthu ndinatsala pang'ono kumupha, ndimuchotserenso umboni wake?

"Unasiya," ndinatero.

Mpingo wonse unati ameni, nanenso ndinati ameni.