Buku la Womwa Magazi Pamzere wa Mafuta

Mpaka lero ku Matero kuli okalamba ena amene akandiona amakokera adzukulu awo pafupi. Zinayambira pamzere wa mafuta ophikira, masiku aja a chipani chimodzi pamene chilichonse chinali choimira pamzere.

Patsogolo panga panaima Esinati, telala wa pamsika. Ndinali nditamukonda nthawi yaitali osamuuza (ndinkangomupititsira mathalauza osang'ambika kuti awaonenso). M'manja ndinali ndi buku lachingelezi la mwamuna womwa magazi amene anakonda mtsikana koma n'kumadziletsa kumuyandikira. Esinati anandifunsa kuti likunena zotani.

Wanzeru akanangoti ndi nkhani yachikondi. Koma ine ndinali nditafika Fomu Faifi. Ndinafotokoza kuti akatswiri a maganizo amati chilakolako ukachitsekera mumtima sichifa, chimatulukira kwina chitavala nkhope yoopsa, ndipo magaziwo si magazi ayi, ndi chikondi chimene munthu akuopa kuchitchula. Mawu anayamba kukwera. Ndinafika poloza khosi la Esinati ndi chala kuti amvetse bwino.

Mayi wina kumbuyo anasuzumira chikuto cha bukulo, naona mano aatali pakhosi pa mtsikana. Ku Matero nkhani za banyama, anthu ogwira anzawo n'kuwapopa magazi, sizinali za m'mabuku. Mzere unapatuka. Anyamata a chipani anandigwira lamba n'kundiimika pamaso pa tcheyamani wa dera lathu, amene ankayang'anira mzerewo.

Tcheyamani analiyang'ana bukulo kutsogolo ndi kumbuyo, nandifunsa kuti magazi ndimagulitsa kwa yani. Ndinayambanso za akatswiri aja (sindimva msanga). Anandidula.

"Kambani vomveka, bambo. Pa mukosi pa uyu mwana mufunapo chani?"

Apa ndinaona kuti ndikagona kupolisi.

"Sinifuna magazi, ba Tcheyamani. Nifuna kumukwatira."

Mzere wonse unaphulika ndi kuseka, ndi mayi uja yemwe. Tcheyamani anafunsa Esinati ngati nkhaniyi ankaidziwa. Iye anayang'ana pansi, natembenukira kwa ine.

"Sembe munakamba chaka chatha. Manje ba dalaivala ba basi banafika kudala kunyumba."

Ndiko kuti dalaivala wa basi anali atakafunsira kale mbeta kwawo. Tcheyamani anandibwezera buku n'kunditumiza kumapeto kwa mzere. Ndinaphunzirapo kuti mawu aafupi safuna kudikira tcheyamani, ngakhale mabuku ndimafotokozerabe anthu osandifunsa kwambiri.

Ku ukwati wa Esinati ndi dalaivala uja anandiitana, ndipo ndinapita. Mayi ake a Esinati anandipatsa mpando pafupi ndi chitseko, pakati pa madikoni awiri.