Mbaula ya Mgolo ndi Apongozi a ku Ngokwe

Pa Balaka pano palibe amene amandiposa kuotcha nyama, ndipo izi ndimanena mosachita manyazi. Koma tsiku limene lusoli linkafunika kwambiri, ndinatsala pang'ono kudyetsa apongozi anga chinthu chimene sanalaweko chibadwire.

Akazi anga kwawo ndi ku Ngokwe, banja la Chisilamu. Ine ndine Mkhristu, ndipo bambo awo ukwati wathu anangoulola ndi pakamwa. Zaka zitatu zinatha asanadyeko m'nyumba mwanga, ngakhale nthochi. Ndiye atatumiza uthenga kuti akubwera Loweruka, ndinadziwa kuti akadya ndiye kuti andilandira, akakana ndiye basi.

Mbuzi ndinagula, anazinga ndi a shehe. Chinatsala n'chootchera. Cha magetsi ndinachikana, poti kuno magetsi amathima akangomva kuti kwabwera alendo. Cha gasi ndinachisirira ndithu, koma mayi a kunyumba anandidula.

"Iyayi bambo, ababa akangoona chibotolo chimenecho akakhala kumsewu. Amati ndi bomba."

Nkhuni nazo utsi wake ukanaliza mlendo. Ndinasankha makala, ndipo mpaka lero ndimati ndinasankha bwino. Cholakwika chinali mbaula yake. Ndinaipeza yotchipa kwa mkulu wina amene ankatseka bala yake: mgolo wodula pakati, miyendo inayi, waya pamwamba. Ndinaikwecha, n'kuipaka penti yakuda (kunja kokha, poti n'kumene anthu amaona).

Loweruka apongozi anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, ine ndili pa mbaula, thaulo paphewa. Theka la mbuzi linali pamoto, lina m'beseni. Mgolo utatentha, panayamba kutuluka kafungo kena konona, kosakhala ka mbuzi. Ndinakupiza mwamphamvu kuti kapite kwina.

Pomwepo anatulukira a Nampinga, aneba anga oyendetsa kabaza, munthu wosadziwa kunong'ona.

"Aa, achimwene, mbaula ya pa bala ija munagula ndinu? Koma imeneyi yaotcha nkhumba, ee! Zaka zingati kaya!"

Akazi anga anangogwira pakamwa. Apongozi anandiyang'ana modekha.

"Akamwini, zimenezi n'zoona?"

Bodza linali kale pa lilime: mbaula za migolo zimafanana, a Nampinga asokoneza. Ndikanalinena, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinaona nkhalamba itavala mkanjo wake woyera, itayenda ulendo wonsewo kudzadya kwa ine, ndipo ndinachita manyazi kwambiri.

"N'zoona bambo. Ndinadziwa kuti ndi ya pa bala, koma sindinafunse zimene inkaotcha."

Ine ndinakokera chimgolocho kuseri ndi nyama yake yomwe (a Nampinga anailondola, sanaonekenso). Ndinasamba m'manja ndi sopo, ndinatenga khasu n'kukumba kadzenje pabwalo pomwepo. Ndinathiramo makala atsopano a m'thumba, n'kusema timitengo ta nsungwi totungira nyama ya m'beseni ija. Ndinaotcha chogwada, buluku la ku tchalitchi lili m'dothi, thukuta kamukamu. Ola lathunthu ine ndinkangodikira kumva kuti apongozi akufuna kukakwera minibasi.

Nditaika nyama m'mbale, anayang'ana mwana wawo.

"Iwe Asiyatu, madzi osamba m'manja akuchedwa kuti?"

Anadya, abale. Anadya mpaka kupempha tsabola. Potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Fungo lija ndinalimva aneba anu asanabwere," anatero. "Ndimangodikira kuti ndimve mkamwini wanga anena chiyani."

Chiyambire tsikulo, chiwiya cha kaunjika sindigula ndisanafunse kumene chinagwirako ntchito. Koma mpaka lero sindinaiwale kuti bodza lija linali litafika kale pa mano.