Zione ndi Dzenje la Njerwa

Nkhani iyi mayi a kunyumba amakonda kuifotokoza pamaso pa alendo, ndiye bola ndiulule ndekha.

Zaka zija zosalowa mumsika wopanda khadi la chipani, tinkakhala kwa Maganga, pafupi ndi minda ya mpunga. Ndinali ndi galu dzina lake Zione, wonditsatira mpaka kutchalitchi (ankagona pakhomo, pamene akuluakulu ena ankagona mkati).

Kuseri kwa nyumba yathu kunali dzenje lomwe tinakumba poumba njerwa za tchalitchicho. Mvula itagwa linadzaza madzi osauma. Mayi anati, "Bambo, kwirirani dzenjeli, udzudzu watitha." Ine ndinakana. Dothi lake lamanga nyumba ya Mulungu, ndilikwirire ngati dzala? Ndinachita kum'mangira Zione kachisakasa m'mphepete mwake kuti azipitidwa mphepo.

Chaka chotsatira galu anayamba kutsokomola ndi kuwonda. Akathamanga pang'ono, wefuwefu. Ndinakumbukira Namani wakhate wa m'Baibulo uja, amene anachira atasamba mumtsinje, ndipo ndinaganiza zom'nyika m'dzenjemo kasanu ndi kawiri, ndikuwerenga mokweza. Pa kachisanu ndinaterereka, khuvu! Anandivuula ndi nkhafi anali Che Saidi, msodzi woyandikana nafe.

"Achimwene, kodi akubatizidwa ndani, inu kapena galu?"

M'mawa mwake ndinamuika Zione m'dengu panjinga mpaka kwa alangizi a ziweto. Anamvetsera pachifuwa pake nthawi yaitali.

"Amagona kuti?"

Ndinafotokoza, monyadira ndithu.

"Bambo, nyongolotsi zakhazikika mumtima. Udzudzu ukaluma galu wodwala umazitenga zili ting'onoting'ono, n'kukazisiya mwa wina. Inu mwam'goneka pakhomo pa udzudzu penipeni. Mankhwala ake kuno tilibe. Azipuma, asamathamange."

Pobwerera sindinapalase. Ndinkakankha njinga, iye akundinyambita dzanja.

Dzenje lija ndinalikwirira masiku atatu. Mayi ankandibweretsera thobwa, ndipo chifundo chawocho chinandilasa kuposa ulaliki. Zione anafika nafe mpaka nyengo yokolola mpunga. Sankathanso kunditsatira, koma ndikakhala pakhonde kuwerenga Mawu, ankadzikoka pang'onopang'ono n'kutsamiritsa mutu paphazi langa. Anatsirizikira pomwepo, Lachitatu masana.

Ndakhala ndikuphunzitsa anthu za chikhululukiro zaka zambiri. Koma kunena zoona pamaso pa Ambuye, ine ndinachimvetsa tsiku limenelo: ndine ndinam'dwalitsa, ndipo phazi lomwe anasankha linali langa.