Mbereko ya a Lufeyo

Mwambi uwu, ana inu, chiyambi chake n'chotere. Koma ikani kaye mafoniwo m'matumba, chifukwa ndi omwewo anautsa mapiri pachigwa. Ena adzakuuzani kuti ndi wa makolo akalekale. Asiyeni, sanawaone a Lufeyo.

A Lufeyo anali a kabaza pa Ntcheu. Chuma chawo chonse chinali njinga yamoto imodzi yofiira, ndipo ndi imene inkadyetsa banja. Munthu wabwino ndithu, koma wokonda kuti akamadutsa anthu azicheuka. Tsiku lina akudikira makasitomala pansi pa mtengo, anaona pa intaneti chithunzi cha mwana wa galu, woyera kuti mbee, ubweya ngati thonje, ali khale pa sofa. Pansi pake panalembedwa kuti mwini wake akusamukira kunja, ndiye akumugulitsa motchipa kwa munthu wachikondi.

"Wachikondiyo ndine," anatero a Lufeyo, n'kutumiza uthenga.

Wogulitsayo anayankha pompopompo, nati ali ku Mzuzu. A Lufeyo atapempha kuti amuone galuyo pa vidiyo, iye anati kamera inafa. Atati atume msuweni wawo wa konko akamuone, iye anati galu wachizungu akaona alendo amadwala. Wina akanadzidzimuka pamenepo. A Lufeyo anangogoma: "Galu wake ndi ameneyu, wosaonedwa wamba!"

Anatumiza ndalama ya chikole pafoni. Kenaka kunabwera ya katemera, anatumiza. Ya bokosi loyendera, anatumizanso. Ndiye wogulitsa uja anawonjezera langizo.

"Akulu, galu ameneyu saponda fumbi, ndipo samangiriridwa pakaliyala ngati thumba la kachewere. Amaberekedwa kumsana. Podzamulandira pa depoti mubwere ndi mbereko yatsopano."

Abale inu, bambo wa ndevu zake anapita kumsika kukasankha mbereko, n'kumanenerera mtengo!

Akazi awo, Nangozo, anaipeza itabisidwa pansi pa matiresi. Mwana wawo womaliza anali atayamba kale sukulu, choncho mutha kuona nokha mmene mtima unawawira.

"Bambo a Mwayi, mbereko iyi ndi ya mwana wa yani?"

"Ndi ya galu, mayi."

"Ya galu! Mwandiona ngati ndinabadwa dzulo eti?"

A Lufeyo anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi chija. Nangozo anachiyang'anitsitsa, n'kuusa moyo.

"Mwamumvapo akuuwa?"

"Ayi."

"Alipo amene mukumudziwa wamugwirapo?"

"Ali m'njira, mayi. Zinthu zapamwamba sizifuna phuma."

"Bola akanakhala mwana wa kumbali," anatero Nangozo, "bwenzi pano tikumuona ndi maso."

Tsiku lolandira galu litakwana, foni inalira. Wogulitsa uja anali wefuwefu. Anati galu amugwira panjira chifukwa alibe inshuwalansi, ndipo ndalama ikapanda kufika tsiku lomwelo afera m'bokosi, mlandu wozunza nyama n'kugwera a Lufeyo. Ndalama yake inali yambiri ndithu, pamene m'thumba munali mbee.

Mantha anawagwira. Anaimbira munthu wina wa katapila kuti akumane pa depoti, amusiyire njinga ngati chikole. Inu mukudziwa, njinga ikalowa kwa wakatapila kutuluka kwake n'kovuta. Nangozo atamva anakhala pansi pakhonde, misozi ili lengelenge.

Pa depoti paja wakatapila anafika, n'kuyamba kuizungulira njinga, uku akumenya matayala ndi phazi. A Lufeyo, mbereko ili paphewa, kiyi anali atatulutsa kale. Pocheuka anaona bambo wina wamimba yake, a Fanuwelo ogulitsa nyama pamsika, ataima poteropo thukuta lili kamukamu. Paphewa pawo panalinso mbereko yatsopano.

Anayang'anana.

"Achimwene," anayamba a Lufeyo motsitsa mawu, "kunyumba kwabadwa mwana?"

A Fanuwelo anakanda m'mutu. "Si mwana kwenikweni. Ndi mlendo wochokera ku Mzuzu."

"Woyera?"

"Kuti mbee."

"Wosaponda fumbi?"

Onse awiri anatulutsa mafoni. Galu yemweyo, sofa yomweyo, khutu lopindika lomwelo. Kusiyana kwake kunali kwakuti a Lufeyo anauzidwa kuti ndi wamphongo, a Fanuwelo kuti ndi wathazi. Kondakitala wa minibasi amene ankasuzumira anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Madala, inu mwachedwa! Sabata yatha kunabwera ena ndi mbereko zawo, anadikira mpaka dzuwa kulowa."

A Lufeyo anaimbira foni wogulitsa uja. "Akulu, ndalama ndili nayo pano. Koma mundionetse kaye galuyo pa vidiyo, mutamunyamula, mukutchula dzina langa."

Kunamveka kachifuwa, kenaka zii. Atayesanso, nambala inali yosapezeka.

"Nanga kiyi uja?" anafunsa wakatapila, dzanja lili tambalale.

"Kiyi wake uti?" anatero a Lufeyo, atamuponya kale m'thumba ndi kugwirapo ndi manja awiri.

Ee, zimene anatumiza zija zinapita, ndipo zinawawa. Koma pobwerera kunyumba a Lufeyo ankaimba nyimbo njira yonse ngati munthu wotuluka m'chipatala, mtima uli myaa. Nangozo atamva kulira kwa injini anathamangira kumsewu opanda nsapato. Sanayang'ane amuna awo, anayamba agwira njinga, kuisisita thanki, n'kunena kuti, "Zikomo Ambuye."

"Galu uja..." anayamba a Lufeyo.

"Musavutike, bambo a Mwayi. Ndamuona, wakongola zedi. Ali kumsana kwanuko."

Anawalanda mbereko ija n'kuyamba kupukutira fumbi la njinga. Anthu oyandikana nawo anali atadzaza kale pabwalo, chifukwa nkhani ya pa depoti imafika mwini wake asanafike. Nangozo anaikung'untha mbereko ija pamaso pa onse, naikweza m'mwamba, nanena mawu amene mpaka lero mukuwamva:

"Sagula mbereko mwana asanabadwe!"