A Cassimiro Oluma Magitala

Mukafika ku Ulongwe n'kufunsa za malemu a Cassimiro okonza mawailesi, anthu ayang'anana ngati mwasokera. Koma mungoti, "Aja ankaluma magitala aja," muona ngakhale mayi wogulitsa mbatata akusiya ndowa yake kuti akulongosolereni. Ankalumadi. Ine Benedita ndinali mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo a Albertina, ndipo ndinkawaona ndi maso angawa: munthu wamkulu wandevu zake, Mkatolika wosajomba Misa, atakukuta mutu wa gitala ngati galu wapeza fupa.

Sanali magitala wamba ayi. Anali amagetsi aja, a nsambo zinayi zonenepa, olira pansipansi, amene kwathu timati baisho. Ali mnyamata, tauni yathu ikutchedwabe Vila Coutinho, a Cassimiro anaimva baisho ikulira pa dansi ya Apwitikizi, iwo ataima panja pa zenera, ndipo kuyambira tsiku limenelo mutu sunabwererenso m'malo mwake. Apwitikizi atanyamuka mu 1975, anthu anzeru ankathamangira mipando ndi makina osokera. Alamu anga ankayenda khomo ndi khomo kufunsa ngati mzungu wasiya baisho. Anafika mpaka ku Tete. Anasonkhanitsa zisanu ndi ziwiri, ina yothyoka khosi, ina yopanda nsambo, ina nkhuku itaikira mazira m'bokosi lake.

Vuto linali limodzi lokha, koma lalikulu. Baisho popanda magetsi ndi chimkuzamawu siimveka, imangoti tepetepe. Chimkuzamawu chokhacho cha m'tauni chinapsa pa chikondwerero cha ufulu, ndipo nkhondo itayamba kuvuta, mafuta a injini ya magetsi anasiya kubwera. Ndiye alamu anapeza njira yawo. Ukaluma mutu wa gitala n'kukhudza nsambo, mawu amadutsa m'mano n'kudzaza mutu wonse. Ankakhala pakhonde masana onse, mano ali nga pamtengo, maso atatsinzina, phazi likugunda pansi, ife odutsa osamva kanthu.

Iliyonse anaipatsa dzina la munthu wamkazi. Yokondedwa inali Dona Carlota, yofiira, ya ku Italiya. A Albertina ankawatchula kuti "akazi anzanga", mpaka nkhani inafika kwa bambo mfumu watsopano wa parishi yathu, amene anapalasa njinga kudzafunsa za mitala. Anabwerera atamwa tiyi, akupukusa mutu.

"Ingolumani kamodzi, amake Celestino, mumve," ankachonderera alamu.

"Ine? Pakamwa pomwe ndimalandirira Ukalistia? Lumani nokha, inu ndinu munabadwa khoswe."

"Kamodzi kokha."

"Kamodzi kokha ndi mmene ndinakuvomererani, onani pomwe ndili lero."

Tinkaseka, koma ine ndinkadziwa kuti zinkawapweteka. Tauni yonse ikanati ndi amisala, iwo analibe nazo kanthu. Chimene ankafuna n'chakuti a Albertina okha adzamve tsiku lina chimene iwo ankamva, adziwe kuti sanakwatiwe ndi chitsiru. Ndipo poti mayi anakana kuluma, panafunika magetsi ndi chimkuzamawu basi.

Pa kuzindikira magitala, pamenepo ndiye sindingawanyoze. Munthu akabwera ndi baisho yoti zolemba zonse zinafufutika, alamu ankainunkhiza, kuigogoda kumsana, kenaka nga!

"Ya ku Japani iyi. Koma khosili si lake. Ndi mlombwa uwu, anasema ndi mmisiri wa ku Beira, ndipo ankafulumira."

Tsiku lina a Valentim, mmisiri wa matabwa woyandikana nafe, anafuna kuwachititsa manyazi pagulu. Anawamanga nsalu kumaso n'kuwapatsa mpini wa khasu. Alamu analuma, analumanso.

"Uwu ndi mpini. Ndipo mwini wake ndi waulesi, sunalawepo thukuta."

Khasulo linali la a Valentim omwewo. Sanayesenso.

Kukonza ndiye kunkatisowetsa mtendere m'nyumba. Nthawi imeneyo mu loja, sitolo yathu, munalibe ngakhale sopo, ndiye nsambo ukazipeza kuti? Alamu ankatenga waya wa buleki ya njinga n'kumukulunga ndi kawaya ka kopa, mzere ndi mzere, sabata yathunthu nsambo imodzi. Timaginito tomwe timatola mawu pansi pa nsambo ankatikulunganso ndi waya wa mawailesi akufa, woonda ngati tsitsi, akuwerenga mokweza, ndipo wowalonjera pa nthawi imeneyo ankasanduka mdani. Pokhalira nsambo ankasema fupa la ng'ombe. Chipeso cha a Albertina chinasowa, tinadzachipeza chitasanduka mbali ya Adelina, baisho ina yoyera. Koma tsiku lomwe kunagwa mkangano weniweni ndi lomwe kooperativa inagawa mafuta ophikira, kabotolo kamodzi banja lililonse, patapita miyezi inayi. Pofika madzulo kabotolo kanali pakati, Dona Carlota akunyezimira.

"Abambo ake Celestino, mafuta aja?"

"Khosi linauma, likanang'aluka."

"Nanga langali ndi la chitsulo? Benedita, tawaonere alamu ako. Ndiwo tidye zofutsa, mkazi mnzanga adzole!"

Usaone kukalipa, mawa lake ndi iwo omwe anawasinjira nsatsi kuti asiye mafuta odyera.

Mu 1984 alamu anamva kuti ku mishoni ya ku Lifidzi injini ya magetsi ikuyakabe, ndiponso kuti kuli kachimkuzamawu ka m'tchalitchi. Anamanga bokosi la Dona Carlota panjinga, ine n'kutsagana nawo poti ndinali ndi ulendo wokagula nyemba. Pa kontrole ya msewu, amilisiya anayi anatiimitsa.

"Kamarada, tsegulani bokosilo."

Atatsegula, mkulu wawo, mnyamata chabe, anabwerera m'mbuyo. Anaona mawaya, timabatani topotokola, ndi kabowo kolowetsa chingwe.

"Ichi n'cholankhulira ndi adani!"

"Ayi, mwanawe, n'choimbira."

"Imbani timve."

Alamu anakhudza nsambo. Tepetepe. Mnyamata uja anakweza mfuti, ine n'kuyamba kale Tikuoneni Maria.

"Mukutiyesa ana? Choimbira chosalira?"

"Lumani apa," anatero alamu, mofatsa ngati akumupatsa chinangwa.

Sindidziwa chimene chinamugwira mnyamatayo, koma analuma. Alamu anagunda nsambo yaikulu ija. Maso a msilikali anatuluka, mfuti inatsetsereka paphewa. Anachotsa pakamwa, anayang'ana kumwamba kufuna komwe kwachokera mawu, n'kulumanso. Posakhalitsa onse anayi anali pamzere, akukangana kuti wina wakhalitsa. Anatisiya dzuwa litapendeka. Ku Lifidzi tinakapeza injini ili ziii, mafuta atatha sabata yapitayo. Tinabwerera Dona Carlota asanalire.

Mano nawo anayamba kutha. Zaka zonsezo akukukuta mitengo ya ku Ulaya, munthu ungayembekeze chiyani? Limodzi litayamba kuwawa mpaka tsaya kutupa, anakana kukazula.

"Ili ndi lomwe limamva bwino nsambo yaikulu. Zulani lina."

"Lina silikuwawa, alamu."

"Ndiye musazule lililonse."

Nkhondo inatipeza mu 1986. Tinkaimva kwa anzathu, kenaka inafika pakhomo. Mfuti zinalira mbali ya ku maofesi m'mamawa, ndipo pofika masana aliyense anali atanyamula chimene akanatha, kulunjika ku malire a Malawi. Alamu anakulunga mabaisho asanu ndi imodzi m'masaka, n'kuwakwirira m'dzenje losungira mbatata kuseri kwa nyumba, akuwatsanzika mmodzimmodzi ndi dzina. Dona Carlota anamubereka kumbuyo ndi chitenje. A Albertina anasenza ufa ndi mphika, ndipo anali nayobe mphamvu yolalata.

"Anzanu abereka adzukulu, inu mwabereka thabwa!"

Tisanafike ku Kalomwe, pa malire, bomba linagwa pafupi ndi njira. Tinadzigwetsa tonse. Fumbi litatha, tinapeza alamu atagona chagada pamwamba pa gitala, kuiteteza ndi thupi lawo. Analibe bala. Koma tikawaitana ankangotiyang'ana milomo. Makutu anali atatseka, ndipo sanatsegukenso.

Ku msasa wa othawa nkhondo pafupi ndi Dedza, poyamba ankati palibe chimene chatayika, poti mano ankamvabe. Anali atatsala atatu. Chaka chachiwiri anatsala awiri, ogwedera, kenaka limodzi, ndipo tsiku lina lomalizalo linatsalira m'chisononkho cha chimanga. Anayesa kuluma ndi nkhama, anayesa kutsamiritsa chibwano. Ankati zikumveka ngati munthu akulankhula m'nyumba ya eni. Gitala anaipachika padenga la kanyumba kathu, ndipo anayamba kukhala chete. Apa ndinene zoona, ndinawamvera chisoni kuposa tsiku lomwe tinasiya nyumba.

Amene anadzuka anali a Albertina. Mmawa wina anavala chitenje chawo cha Misa n'kundiuza kuti, "Tiye ku boma. Ndatopa kukhala ndi maliro oyenda." Tinafunsa funsa mpaka tinapeza a Pita, Mmalawi woimbitsa kwaya, amene ankasunga chimkuzamawu mu holo ya tchalitchi chawo.

"Mukuti bezi gitala, mayi? Ya chaka chanji?"

"Chaka sindidziwa, achimwene. Ndingodziwa kuti yandidyera mafuta ndi chipeso. Ndikufuna ndimve ngati inali yoyenera."

Loweruka masana tinapita nawo alamu, theka la msasa likutitsatira, poti mbiri ya oluma magitala inali itawoloka nafe malire. A Pita ataona nsambo za waya wa njinga anaseka, nati sizingalire. Alamu sanamve, ndipo zinawathandiza. Analowetsa chingwe okha, anapotokola kabatani, n'kugunda nsambo yaikulu.

Duuuu!

Malata a holo ananjenjemera. Anthu a kwathu, amene phokoso lotere ankalidziwa mwa mtundu wina, anadzigwetsa pansi onse, a Valentim mpaka kulowa pansi pa benchi. Amalawi okha ndi amene anatsala chiimire, akudabwa. Kenaka wina anayamba kuseka ali chigonere, ndipo holo yonse inaphulika ndi phwete, ena akupukuta misozi yomwe sindikhulupirira kuti inali ya kuseka kokha.

Alamu anapitiriza. Zala zinkadziwa njira. Zaka khumi ndi zitatu ankaimba nyimbo imeneyo m'mutu mwawo okha, ndipo ife tinali kuimva koyamba: yoyenda pang'onopang'ono, yonyada, yokoka chiuno ngakhale usakufuna. Amayi anayamba kuvina. A Pita anavula chipewa. Koma mwini wake sankamva kanthu. Ankangoyang'ana nkhope ya akazi awo, amene anaima patsogolo penipeni pa chimkuzamawu, manja ali m'chiuno ngati abwera kudzaweruza mlandu.

Atasiya, anafunsa mokuwa, monga amachitira ogontha, "Amake Celestino! Yalira?"

"Yalira!"

"Mwati bwanji?"

"Ndati yalira, bambo inu!"

Anapukusa mutu, sanamve. A Albertina anayang'ana uku ndi uku, anthu onse aja akuwaona. Kenaka anayandikira, anagwira dzanja lamanzere la amuna awo n'kuliika pachifuwa pawo, n'kuwalozera kuti agunde nsambo ndi linalo. Alamu anagunda. Mawu aja ananjenjemeretsa chifuwa cha akazi awo, n'kulowa m'dzanja lawo. Anagundanso. Anagunda kachitatu, akuseka ndi nkhama zokhazokha, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Basi, basi," anatero a Albertina, "anthu akutiona." Koma dzanjalo sanalichotse.

A Cassimiro anamwalira ndi chifuwa dzinja lotsatira, ndipo tinawaika m'manda a eni, ku Malawi konko. Dona Carlota anatsala kwa a Pita, poti a Albertina anati mkazi mnzawo wavutika mokwanira, akhale komwe kuli magetsi. Titabwerera kwathu nkhondo itatha, tinafukula dzenje lija. Chiswe chinali chitadya zonse, kutsala nsambo ndi tizitsulo. Mwana wawo Celestino, atabwera kuchokera ku Beira, anafuna kukataya, koma mayi ake anakana.

Lero Ulongwe wadzaza phokoso. Pamsika zimkuzamawu zimalira kuyambira m'mawa, baraka iliyonse yogulitsiramo malonda nyimbo yake, mpaka wogula ndi wogulitsa amachita kukuwirana. Komabe ine ndimaona ngati tauni yachita zii. Palibenso munthu amene ungamuone akusangalala ndi chinthu chomwe wina aliyense sakuchimva, ndipo ndilibenso wonyozana naye, poti alamu enawo ukawaseka amakwiya. Ndimawasowa.

Tikamapita kumsika, a Albertina, amene tsopano amayenda ndi ndodo, amaima pafupi ndi chimkuzamawu chachikulu cha pa siteji ya mashapa, timinibasi ta kwathu. Woimba samusamala, ng'oma saisamala. Amapendeketsa mutu kufunafuna mawu apansi aja, kenaka amakwinya nkhope.

"Ameneyu sanakunge bwino nsambo. Abambo ake Celestino akanamuthamangitsa."

Amatero ulendo uliwonse, koma sachoka msanga. Ine ndimawalandira dengu n'kuwadikira.